Wantchito Ndiye Amatsika Poyamba

A Sikelo anagwira ntchito pabwalo la ndege zaka makumi atatu ndi ziwiri, koma sanaulukepo. M'mimba mwa ndege ankalowamo tsiku ndi tsiku kukawerenga matumba, mpaka mathalauza awo onse anali operepeseka m'mawondo. Koma zoti akhale pampando, amange lamba, nthaka iwachoke kuphazi, zimenezo sizinachitike. Anthu akamva amaseka, amati mkuluyo anali wamantha. Mantha analibe. Chinawalepheretsa ndi pensulo yawo yomwe.

Ntchito yawo inali yowerengera kulemera kwa ndege isananyamuke, ndipo dzina la Sikelo linachokera pamenepo. Linamera mizu moti ana a m'dera lawo ankayesa lobadwa nalo. Ndege iliyonse ili ndi malire ake. Anthu, katundu ndi mafuta, zonse pamodzi siziyenera kupitirira nambala inayake, ndipo tsiku likatentha kwambiri nambalayo imatsika. A Sikelo ankakhala m'kaofesi kagalasi m'kati mwa holo ya katundu, kuphatikiza manambala papepala lalitali, kusaina, n'kukapereka kwa woyendetsa ndege. Nambala ikapitirira, china chake chinkayenera kutsala. Lamulo la kampani silinkapita m'mbali: wantchito woyenda pa tikiti yaulere ndiye amatsika poyamba, kenako katundu wamalonda, ndipo wolipira amakhudzidwa pokhapokha zikavutitsitsa.

Tikiti yaulereyo anaipeza katatu. Ulendo woyamba kunatentha, anatsika. Wachiwiri kunabwera makina a kuchipatala oti apite tsiku lomwelo, anatsika. Wachitatu ndi umene sukambika bwino m'nyumba mwawo mpaka lero. Anali patchuthi, atatenga akazi awo, amene anasoketsa diresi yobiriwira chifukwa cha ulendowo. Pepala la tsikulo analemba ndi mnzawo wina, ndipo anali atasaina kale. A Sikelo, poti chizolowezi sichipita patchuthi, anangoti alione. Anapeza kuti mnzawoyo waiwala ngolo imodzi ya katundu, ndipo ndege yapitirira malire ndi makilogalamu zana limodzi ndi makumi anayi. Iwo, akazi awo ndi sutikesi yawo ankakwana zana limodzi ndi makumi asanu. Anafufuta mayina awiri, n'kukawauza mayiwo pabenchi pamene anakhala, chikwama chili pamiyendo.

"Anzanga amatsitsidwa ndi apolisi," amatero mayiwo nkhaniyi ikayamba. "Ine ananditsitsa ndi amuna anga, ndi pensulo."

Bwalolo analitseka chaka chomwe a Sikelo anapuma pantchito. Anamanga lina lalikulu kutali ndi tauni, la makompyuta okhaokha, losafuna munthu wa pensulo. Holo ya katundu inasanduka mosungira simenti, ndipo pamsewu wa ndege anthu anayamba kuphunzirirapo galimoto. A Sikelo anapitako kamodzi, anaima pampanda, n'kubwerako. Miyezi yotsatira anavuta m'nyumba. Akazi awo akachokera kumsika, iwo ankalandira chikwama, kunena kulemera kwake, kenako n'kukachiyeza kuti aone ngati alondola. Ankalondola, ndipo chimenecho ndiye chinkakwiyitsa kwambiri.

Mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake, amene amakonza makompyuta kuofesi ina, anaona kuti amayi atsala pang'ono kupakira. Anabweretsa kompyuta yakale n'kuiika m'chipinda chimene munkagona ana, patebulo loyandikana ndi makina osokera, wadiropu ili kumbuyo. M'kompyutamo munali pulogalamu yoyeserera kuyendetsa ndege, ndipo inabwera ndi ndodo yowongolera ndi zopondera kumapazi. A Sikelo anagwetsa ndege mlungu wathunthu. Mwezi usanathe ankanyamuka ndi kutera bwinobwino, chifukwa manambala onse ankawadziwa kale, chinkangotsala ndi manja.

Tsiku lina anafufuza bwalo lawo lakale m'pulogalamumo, n'kulipeza. Koma chimene anapezacho chinali chipongwe: kamzere ka phula ndi kabokosi kamodzi kotuwa, basi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, kabokosi. Anafunsa mkamwini wawoyo ngati munthu angathe kumangamo nyumba, ndipo iye, posadziwa chimene akuyambitsa, anati n'zotheka, n'kuwaonetsa kachitidwe kake.

Anamanga zaka zinayi. Anatulutsa zithunzi zonse m'sutikesi, zina anakapempha kwa anzawo akale ndi kwa akazi amasiye, n'kuzilowetsa m'kompyuta zili zazikulu momwe makina akanathera, kuti kalikonse kaoneke. Inaima nsanja ya owongolera ndege, nyumba ya ozimitsa moto, matanki a mafuta, kantini. Ngolo za katundu anaziika zonse makumi awiri ndi zitatu, iliyonse ndi nambala yake, kuphatikizapo ija ya gudumu lopindika. Anthu anaikamo makumi anayi ndi asanu ndi awiri, aliyense chithunzi chake chitaima pamalo pamene ankagwira ntchito. Theka la anthuwo anali atamwalira. Holo ya katundu ndiye anaimanga ndi m'kati momwe: sikelo, desiki, kalendala, kapu yawo yothyoka chogwirira, mng'alu wa pagalasi, benchi. Woyendetsa ndege sangaone m'kati mwa holo ali pampando wake, ndipo a Sikelo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense, koma anamangabe. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo munthu amene anayeza katundu wa anthu onse sanaganizepo zoyeza mtolo wake.

Vuto linayamba holoyo itangotha. Ankanyamuka kubwalo lina, kuuluka mphindi makumi anayi bwinobwino, kutsitsa magudumu, msewu wa ndege n'kuonekera kutsogolo. Nyumba zikangoyamba kutuluka, zina zinkada bii, phokoso la injini linkachita chibwibwi, kabelu kankalira, kenako pakati pa sikirini pankabwera kabokosi konena kuti memore yatha, pulogalamu itsekedwa. Akadina batani, zonse zinkazima, n'kutsala chithunzi cha zidzukulu zikumwetulira. Kubwalo lina lililonse ankatera popanda vuto. Kwawo kokha ndiye kunkawakana, ndipo kunawakana miyezi isanu ndi itatu.

Akanatha kupirira nazo pakanapanda a Bweranayo. Amenewa anali mnzawo wa ponda apa n'pondepo, ndipo ntchito yawo inali yoimika ndege ikatera. Ankaima kutsogolo kwa chindege chonsecho ndi timatabwa tiwiri tofiira m'manja, kuchikodola, kuchikhotetsa, ndipo chikafika pamzere ankapingasa manja pamwamba pa mutu kuti chiime. Woyendetsa saona pansi pa mphuno ya ndege yake, choncho saima mpaka manja amenewo atapingasa. Atapuma pantchito a Bweranayo anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, zala zitafumbata, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi. A Sikelo ankapita kukawaona Lachitatu lililonse, kuwauza zimene amanga mlungu umenewo, ndipo ankamaliza ndi lonjezo lomwelo, lakuti bwalo likatha adzatera, iwo adzawaimika.

Lachitatu lina anapeza makatoni pakhonde. Mwana wamkazi wa a Bweranayo anali atabwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo kumzinda wina, ulendo wa masiku awiri pabasi. Ankanyamuka Lolemba. Akuluakulu awiriwo ankadziwa kuti pamsinkhu wawo ulendo wotere ndi wa tikiti yopita yokha, ngakhale panalibe ananena. A Bweranayo anagwira malaya a mnzawo ndi dzanja lamanzere, analimbana ndi lilime kanthawi, n'kutulutsa liwu limodzi.

"Ndege."

"Lamulungu masana," anayankha a Sikelo, n'kutembenukira kwa mwanayo. "Mudzawabweretse kwathu, mayi."

Anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, chifukwa anali atalonjeza chinthu chimene chinali chitawakanika kale. Atangofika anaimbira foni mkamwini. M'miyezi yonseyo anali asanamuuze kanthu, poti a Sikelo si munthu wofunsa njira, ngakhale mwambi wa safunsa anadya phula amaudziwa ndipo amawauza ena. Mkamwini anali pakati pa ntchito, anayankha mwachidule.

"Ikamatero ndiye kuti yalemedwa, bambo. Mwaisenzetsa zambiri. Ndibwera Loweruka ndidzaione."

"Yalemedwa? Basi, musavutike, akamwini. Imeneyo ndi ntchito yanga."

Anasongola pensulo. Anatsegula pamene pamalembedwa katundu wa ndege ya m'pulogalamuyo, n'kutsitsa anthu makumi awiri. Anauluka mphindi makumi anayi, kabelu kanalira, kabokosi kanabwera. Anatsitsa katundu yense, chimodzimodzi. Lachinayi anatsitsa anthu onse, mafuta n'kusiya ongokwanira kufika, koma kabokosi kanawachingamira pamalo pomwepo. Anasintha ndege, anatenga kakang'ono ka mipando inayi. Ulendo uliwonse ankalemba m'kope: ndege yanji, yolemera bwanji, yafera pamtunda wanji.

Lachisanu anamva kwa woyandikana nawo nyumba kuti makina amakomoka ndi kutentha. Anatsegula bokosi la kompyuta n'kupopamo mpweya ndi pampu ya njinga. Fumbi la zaka zinayi linakatera pansalu yoyera imene akazi awo anasiya pamakina osokera, ndipo zimene zinayankhulidwa pamenepo tisazilembe. Analanda fani ya pabalaza n'kuilozetsa m'bokosimo. Kompyuta inazizira ndithu, koma kabokosi kanabwerabe.

"Anthu mwatsitsa onse?" anafunsa mayiwo akukung'untha nsalu yawo.

"Onse."

"Ndiye ikukanabe? Mwina ikufuna mutsike inuyo. Paja zimenezo ndiye mumazitha."

Mkamwini anafika Loweruka m'mawa ndi kachikwama ka zida. Ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, ndipo apongozi ake amawaopa mpaka lero. Atamva zoti anthu a m'ndege atsitsidwa onse, anayang'ana pansi nthawi yaitali, mapewa akugwedera pang'ono, kenako anati, "Munayesetsa, bambo."

Anayamba ndi memore yeniyeniyo, timapulanga tiwiri tobiriwira tobayidwa m'kati mwa bokosi. Anazula kamodzi, n'kuyendetsa pulogalamu yoyeza kotsalako, kenako anatisinthanitsa. Zinatenga mpaka nthawi ya chakudya chamasana, ndipo tonse tiwiri tinali tabwinobwino. Anabayamo kachitatu kamene anabwera nako, a Sikelo anauluka, kabokosi kanabwera ngati sipanachitike kanthu. Mkamwini anakanda m'mutu. Akukanda choncho, maso ake anagwera pakope lija.

Analiwerenga tsamba ndi tsamba. Munali maulendo khumi ndi anayi, pa ndege zinayi zosiyana, yodzaza ndi yopanda kanthu yomwe, koma onse anathera pamalo amodzi, patatsala makilomita asanu ndi limodzi kuti afike.

"Bambo, kope ili landichepetsera ntchito. Vuto silili m'ndege. Lili pansi."

Anatsegula kawindo kakang'ono pakona ya sikirini, kosonyeza nambala imodzi yokha, ya memore imene pulogalamu yasenza, n'kuwapempha kuti aulukenso. Njira yonse nambalayo inali pa 2,600. Bwalo litayandikira inayamba kuthamanga ngati mita ya madzi paipi itaphulika. Inadutsa 3,000, inadutsa 3,500, pa 3,800 kabelu kanalira, ndipo isanakwane bwino 4,000 zonse zinazima.

"Pulogalamuyi ndi yakale," anatero mkamwini. "Anaipanga kuti izinyamula 4,000 nthawi imodzi, osapitirira. Ngakhale nditabaya timapulanga khumi m'bokosimu, iyo izingoona 4,000 yomweyo. Anthu a m'ndege aja siimva kulemera kwawo, ndi manambala chabe. Chimene chimailemera ndi zithunzi. Mukamayandikira bwalo, imasenza chithunzi chilichonse chimene munaikamo, chooneka ndi chosaoneka chomwe."

A Sikelo anasiya ndodo yowongolera.

"Ndiye kuti ili ndi malire ake onyamukira."

"Eya, bambo."

"Ndipo ukakulitsa bwalo, ndege siikula."

"Ndi momwemo."

"Nanga bwanji simunanene choncho Lachitatu? Patseni pepala."

Anajambula mizere ndi rula monga ankachitira kale. Mkamwini anazimitsa bwalo lonse, n'kumayatsa chinthu chimodzi, kuwerenga nambala, a Sikelo n'kuchotsera n'kulemba. Pakati pake mkamwini anafuna kuyatsa ziwiriziwiri kuti zifulumire, koma anakanizidwa, chifukwa katundu amakwera pasikelo mmodzimmodzi. Nsanja inalemera 90, ngolo zonse 150, anthu a pabwalo aja 300, zina n'zina zinalowa m'mizere yake. Holo ya katundu, yokha, inalemera 620. A Sikelo anaphatikiza kawiri, kuchokera pamwamba ndi kuchokera pansi, ndipo zonse pamodzi ndi ndege zinakwana 4,300. Kuti kabelu kasalire, pankafunika kutsitsa choposa 500.

"Njira yabwino ndi kuchepetsa zithunzizi chimodzichimodzi," anatero mkamwini, "koma zilipo mazana asanu ndi awiri. Ndi ntchito ya milungu iwiri, mawa sitingathe." Anayendetsa chala papepala, n'kulumpha mzere wa holo ngati sakuuona. "Titachotsa anthuwa, ngolo ndi nsanja, ikwana."

"Nditere pabwalo lopanda anthu, lopanda nsanja? Limenelo ndikhoza kukaliona pampanda paja."

A Sikelo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, ngakhale yankho analiona kalekale, nambala itangolembedwa. Zinawapweteka. Holoyo anaimanga chaka ndi theka, ndipo m'maganizo mwawo tsiku la Lamulungu linkathera m'menemo: akatera, azimitse injini, alowetse mnzawo m'kati, amuonetse kapu ija. Koma munthu amene anatsitsa mkazi wake atavala diresi yatsopano sakanayamba lero kukondera.

"Zimitsani holo."

"Bambo, imeneyo ndiye munaivutikira kwambiri."

"Lamulo silisintha chifukwa choti mwini katundu ndiye wagwira pensulo. Wantchito ndiye amatsika poyamba."

Mkamwini anaitsegula holoyo pasikirini kuti atsimikize kuti sazimitsa china. Nthawi yomweyo mayi a m'nyumbamo analowa ndi thireyi ya tiyi. M'zaka zinayi zonsezo anali asanayang'anepo bwino pasikirinipo, ankati ali ndi zochita. Tsiku limenelo anayang'ana, n'kuona sikelo, desiki, ndi benchi ya kukhoma. Pabenchipo panakhala mayi wovala diresi yobiriwira, chikwama chili pamiyendo, akumwetulira mano onse panja.

"Ameneyo ndani?"

"Ndi inu. Anakujambulani ndi a Bweranayo, ndisanabwere ndi uthenga uja."

Mayiwo anaima ndi thireyi m'manja.

"Ndakhala pabenchipo nthawi yonseyi?"

"Chiyambire kumanga holoyo. Ndinayamba ndi benchi."

"Ndiye lero mukunditsitsanso."

"Katundu wotsitsidwa satayidwa, amayi. Amadikira ndege ina."

"Ndege inayo ndaidikira zaka makumi awiri," anatero, koma osati ndi mawu amene amanenera masiku onse. Anaika thireyi pamakina osokera n'kutuluka. Mkamwini anakopera holoyo pafulashi, anawapatsa apongozi ake m'manja, n'kuizimitsa. Pamalo pake panatsala simenti yopanda kanthu.

Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe anayesa. Anadutsa pamakilomita asanu ndi limodzi paja, kabelu kali chete, nambala itaima pa 3,680. Nyumba zonse zinatuluka ndi mitundu yake. Magudumu atatsala pang'ono kukhudza phula, a Sikelo anawonjezera moto, ndege inakweranso, iwo n'kutseka pulogalamu.

"Bwanji osatera, bambo, tione ngati ipirira mpaka poimikira? Pamenepo m'pamene pali zinthu zambiri."

"Woimika kulibe. Nditera mawa."

Mkamwini anafuna kunena kuti kuyesa theka si kuyesa, koma paja amati mkamwini asamakule mwendo. Anangolonjeza kuti abweranso mawa lake.

Lamulungu a Bweranayo anafika cha m'ma thuu koloko, mwana wawo atawagwira mkono, ndodo ili kudzanja lamoyo, jumbo yapulasitiki ikulendewera pakhosi pa ndodoyo. M'chipindamo anali atawaikira mpando pambali pa a Sikelo, pamalo pa wothandiza woyendetsa. Anaupenya mpandowo, anapukusa mutu, n'kuloza ndi ndodo pambali pa sikirini.

"Kutsogolo."

"Adadi, pamenepo simuona kanthu," anatero mwana wawo.

"Asiyeni, mayi," anatero a Sikelo. "Malo awo ndi amenewo."

Anasuntha makina osokera, n'kuikapo mpando wina moyang'anizana ndi woyendetsa. Mkamwini anatsegula chitseko cha wadiropu chokhala ndi kalilole, n'kuchipendeketsa mpaka sikirini inaonekera m'kaliloremo, pamwamba pa phewa la a Sikelo. A Bweranayo anatulutsa m'jumbo timatabwa tiwiri tofiira, utoto utasupuka m'mbali. Anali atamumasulitsa mwana wawo makatoni atatu kuti tipezeke. Kamodzi anakagwira kumanzere, kachiwiriko mwanayo anakalowetsa m'zala zofumbata zija, dzanja lili gone pantchafu.

Mpando wa pambali unatsala wopanda munthu. A Sikelo akuyatsa injini, akazi awo analowa. Diresi yobiriwira inasiya kuwakwana kalekale, koma anali atavala ya kutchalitchi, chikwama chili m'manja.

"Pampando apa pali munthu?"

"Palibe."

"Mwawerengera bwinobwino? Sindikufuna zoti ndikhale kenako mubwere ndi uthenga."

"Ndawerengera kawiri."

Anakhala, chikwama anachiika pamiyendo. Ndege itayamba kuthamanga n'kudzutsa mphuno, anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo sanalisiye mpaka mitambo itakhala pansi pawo. Mphindi makumi anayi zinadutsa popanda zolankhula zambiri. Fani ya pabalaza inkazungulira. Mkamwini anaima pakhomo, maso ali pakanambala ka pakona, kumakawerenga chapansipansi.

Magudumu anatsika, msewu unaoneka, nyumba zinatuluka. A Sikelo anachepetsa moto. Ndege inagunda phula molimba pang'ono, inadumpha kamodzi, n'kukhazikika, ndipo mayiwo anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira kumwamba. Anakhotera kunjira ya poimikira. Anadutsa ozimitsa moto atatu ataima pagalimoto yawo, anadutsa matanki, kantini, mzere wa ngolo. A Bweranayo ankaona zonsezo m'kalilole, milomo ikuyenda popanda mawu, kutchula anthu amene ambiri a iwo anakawaika m'manda. Atafika pasimenti yopanda kanthu ija anakwinya nkhope, anachotsa maso pakalilole n'kuyang'ana mnzawo. A Sikelo anangokweza pensulo imene inali kukhutu kwawo n'kuibwezera. Zinamveka.

"3,740," anatero mkamwini. Patapita kanthawi, "3,780."

Kutsogolo, pamzere wachikasu, panaima chithunzi cha a Bweranayo ali mnyamata, manja onse awiri ali m'mwamba. A Bweranayo a pampando anakweza kathabwa ka kumanzere n'kuyamba kukodola, pang'onopang'ono, monga mwa malamulo ake. A Sikelo anasiya kuyang'ana sikirini, maso anawaika pamnzawo. Pamenepo kabelu kanalira.

"Bambo, imani pompa," ananong'ona mkamwini. "Ifa nthawi ina iliyonse."

Mapazi a a Sikelo sanasunthe. Woyendetsa saima asanaimikidwe. Ndege inapitirira kukwawa, phokoso la injini likuyamba chibwibwi, chithunzi cha pamzere chikukula mpaka chinalowa pansi pa mphuno. Ndi pamene onse m'chipindamo anazindikira chimene palibe anachiganizira, kuti kuimika ndege kumafuna manja awiri. Mwana wa a Bweranayo anaponya phazi kuti akathandize, koma akazi a a Sikelo anamugwira siketi.

A Bweranayo anatsitsa dzanja lamanzere, analilowetsa pansi pa mkono wakufa uja, n'kuyamba kuunyamula. Unali wolemera, ndipo mitsempha ya m'khosi inatuluka. Unafika pachifuwa, unafika pachibwano, unanjenjemera pamenepo, kenako unakwera mpaka pamphumi. Pamwamba pa mutu sunafike, koma timatabwa tiwirito tinapingasa.

A Sikelo anaponda mabuleki. Ndege inaima, anakoka buleki ya poimikira, n'kuzimitsa injini imodzi, kenako inayo. Phokoso linatsika mpaka m'chipindamo munangotsala kulira kwa fani. Kanambala ka pakona kanali pa 3,910, ndipo kabokosi sikanabwere.

A Bweranayo anatsitsa manja, thukuta ndi misozi zikuyendera limodzi m'masaya, ndipo palibe anayesa kusiyanitsa. A Sikelo anayang'ana mnzawo. Akanafuna kunena zambiri kwa munthu amene mawa lake ankakwera basi, koma pantchito pawo sankalankhulana ndi pakamwa. Anakweza chala chachikulu monga amachitira oyendetsa ndege pawindo, ndipo mnzawo anayankha ndi cha kumanzere.

"Koma mwatera molimba," anatero mayi aja, akadali pampando, chikwama atachikumbatira.

A Sikelo anachotsa pensulo kukhutu, anatsegula kope lija, n'kujambula mzere pansi pa maulendo onse olephereka. Analemba tsiku, mtundu wa ndege ndi nthawi yofika. Pamzere wa okwera analemba kuti awiri, antchito, onse afika.